Tinkati ku Dubai kulibe msonkho

Uthenga wa ku banki unandipeza ndili chogwada pansi pa desiki ya munthu wina ku Al Qusais, ndikufufuza chingwe cha netiweki chomwe chinali chitazuka. Munali mu Novembala 2024. Nditatuluka pansi paja ndi fumbi m'mawondo ndinatsegula foni, ndipo ndinaona kuti a banki akufuna kuti titumizenso mapepala a kampani yathu: laisensi, ma Emirates ID a eni ake, komanso chikalata chosonyeza kuti kampaniyo inalembetsa msonkho wa makampani. Ndinaseka ndekha. Msonkho wanji? Kakampani kathu kokhala ndi anthu awiri, makwerero amodzi ndi galimoto yobwereka?

Ndisanapitirire, ndivomereze kuti ine ndinali mmodzi wa anthu amene timafalitsa nkhani yoti ku Dubai kulibe msonkho. Ndinabwera kuno mu 2017 ndi diploma yanga ya za makompyuta. Ku Blantyre komwe ndinkagwira ntchito poyamba, pakutha pa mwezi ndinkayang'ana pa pepala la malipiro n'kuona PAYE itadya kale gawo lake ine ndisanalawe. Kuno malipiro anga oyamba analowa onse athunthu, osadulidwa ngakhale dirham imodzi. Tsiku lomwelo ndinaimbira aliyense kumudzi. VAT ya 5 peresenti itayamba pa 1 Januwale 2018 tinangoiona pa malisiti a m'sitolo, koma m'mutu mwanga nyimbo sinasinthe.

Kampani tinaitsegula mu Febuluwale 2023 ndi mnzanga wina wochokera ku Chipata. Tinadziwana pa mpira wa Lachisanu madzulo, atandimva ndikukalipa m'Chichewa nditaphonya chigoli. Iye ndi katswiri pa zoyala zingwe, ine ndimadziwa za ma seva ndi ma printer. Tinaona kuti timasitolo ndi timaofesi ta ku Deira, Al Nahda ndi Al Qusais timavutika kupeza munthu wodzakonza Wi-Fi ikafa Loweruka usiku. Tinasonkha ndalama, abwana anga anandilembera kalata yoti sakuletsa, ndipo tinatenga laisensi ya LLC ku dipatimenti ya zachuma ndi zokopa alendo ya Dubai, aliyense theka. Mnzangayo anasiya ntchito n'kumagwira za kampani tsiku lonse, ine ndinkathandiza madzulo ndi kumapeto kwa sabata. Zipangizo tinkagula ku Computer Plaza ku Bur Dubai. Tinagawananso maudindo: iye makasitomala, ine mapepala. Mawu amenewa, oti ine mapepala, ndinawanena ndekha, palibe anandikakamiza.

Za lamulo latsopanolo ndinali nditamva. Linatuluka kumapeto kwa 2022, dzina lake ndi Federal Decree-Law No. 47 of 2022, ndipo linayamba kugwira ntchito pa zaka za chuma zoyamba pa 1 Juni 2023 kapena pambuyo pake. Limati phindu lofika pa madirham 375,000 msonkho wake ndi 0 peresenti, lopitirira pamenepo ndi 9 peresenti. Ine ndinawerenga mpaka pa 0 peresenti paja, basi ndinatseka. Phindu lathu silinkayandikira n'komwe pa 375,000. Ndiye zikutikhudza bwanji?

Pomwe ndinalakwitsa ndi pamenepa, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. Kusalipira msonkho n'kwina, kusalembetsa n'kwinanso. Kampani iliyonse ya LLC imayenera kulembetsa ku bungwe lotolera msonkho la Federal Tax Authority, lomwe timangoti FTA, kaya yapindula kaya yaluza. Imayeneranso kupereka lipoti la msonkho chaka chilichonse ngakhale pansi pa lipotilo palembedwe ziro. Ndipo masiku olembetsera anaikidwa potengera mwezi womwe laisensi inatuluka. Amene laisensi yawo inatuluka mu Januwale kapena Febuluwale, ngati ife, tsiku lomaliza linali 31 Meyi 2024. A Malichi ndi Epulo linali 30 Juni, kumapita choncho mpaka a Disembala omwe anapatsidwa 31 Disembala 2024. Kampani yatsopano yotsegulidwa kuyambira pa 1 Malichi 2024 imapatsidwa miyezi itatu yokha. Wochedwa chindapusa chake ndi madirham 10,000. Pamene uthenga wa banki unkandipeza pansi pa desiki paja, n'kuti tsiku lathu litadutsa ndi miyezi yoposa isanu.

Usiku umenewo ndinaimbira msuweni wanga amene amakhala ku Indiana ku America. Iye ali ndi kampani yosamalira okalamba m'makomo, ndipo pa nkhani za bizinesi m'banja mwathu amatengedwa ngati loya.

"Asuweni, musavutike," anatero. "Ingolembani fomu kuti kampani yanu ikhale S corporation. Ineyo ndinatero. Kampani siilipira msonkho, phindu limangodutsa kubwera kwa inu eni ake. Ndiye poti kwanuko munthu salipira msonkho, mwapulumuka."

Anandifotokozera bwinobwino mmene zimayendera kwawoko. Umalemba Form 2553 n'kutumiza ku IRS pasanathe miyezi iwiri ndi masiku 15 chiyambireni chaka cha msonkho, zomwe kwa ambiri zimatanthauza pa 15 Malichi. Eni kampani onse amasayina. Sayenera kupitirira 100, masheya ayenera kukhala a mtundu umodzi, ndipo mlendo amene sakhala ku America saloledwa kukhala ndi gawo. Zikatheka, kampani imangopereka lipoti lake pa Form 1120-S, mwini aliyense amalandira pepala lotchedwa K-1 losonyeza gawo lake la phindu, n'kukalipira yekha pa msonkho wake.

Zinamveka zokoma. Ndinakhala pa laputopu mpaka cha m'ma 2 koloko m'mawa kufunafuna fomu yangati imeneyo kuno ku UAE. Kulibe. S corporation ndi ya ku America basi. Msuweni wanga sananame, anangondipatsa mankhwala a matenda a kwawo.

Komabe usiku umenewo sunapite pachabe, chifukwa ndi pomwe ndinayamba kuwerenga lamulo lija mpaka kumapeto. Ndinapeza kuti nakonso kuno zilipo njira zomwe phindu limawerengedwa pa munthu osati pa kampani, kungoti khomo lake umalisankha pa tsiku lotsegula bizinesi, osati pambuyo pake ndi fomu imodzi.

Njira yoyamba ndi ya munthu amene akuchita bizinesi m'dzina lake, monga wa laisensi ya sole establishment kapena freelancer. Lamulo limamuona ngati munthu, osati kampani. Iye msonkhowu umamukhudza pokhapokha ndalama zonse zolowa mu bizinesi zikapitirira madirham 1 miliyoni pa chaka, kuyambira Januwale mpaka Disembala, ndipo akadutsa pamenepo amayenera kulembetsa pofika pa 31 Malichi chaka chotsatira. Malipiro a kuntchito sawerengedwa nawo. Njira yachiwiri ndi mgwirizano wa anthu ochita bizinesi limodzi popanda kupanga kampani yoima payokha, womwe lamulo limautcha unincorporated partnership. Pamenepa phindu limagawidwa kwa aliyense malinga ndi gawo lake, aliyense n'kuyankha yekha. Kuno mgwirizano woterewu phindu limadutsa lokha, ndipo mumachita kupempha ku FTA ngati mukufuna kuti mgwirizanowo uzionedwa ngati kampani. Njira yachitatu ndi ya mabanja olemera omwe amasunga chuma mu family foundation. Iwowo ndiye amaloledwa kupempha kuti foundation yawo ionedwe ngati mgwirizano uja. Ine nditafika pamenepa ndinangoseka, chifukwa chuma cha banja lathu ndi mbuzi zinayi ndi munda wa nandolo.

LLC ngati yathu ili kunja kwa zonsezi. Ndi munthu payokha pamaso pa lamulo, ili ndi dzina lake, akaunti yake, ngongole zake, ndi msonkho wake. Ndipo n'chifukwa chake tinaisankha. Tinkafuna kuti tsiku lina tikadzaotcha seva ya kasitomala, mlandu udzagwere kampani, usadzafike pa ndalama za sukulu za ana athu. Chitetezo chimenecho tinachikonda, mapepala ake tinawaiwala. Walira mvula walira matope.

M'mawa mwake ndinalowa pa EmaraTax, tsamba la pa intaneti la FTA, pogwiritsa ntchito UAE Pass. Kulembetsako sikunali kovuta ayi, ndipo izi ndi zomwe zinandipweteka kwambiri. Ankafuna laisensi, mapasipoti ndi ma Emirates ID a ife eni ake, chikalata cha mgwirizano wa kampani chomwe timati MOA, ndi umboni wa amene ali ndi mphamvu yosayinira. Zonsezi zinali m'foda imodzi pa laputopu yanga kuyambira 2023. Ntchito yosakwana ola limodzi. Nambala yathu ya msonkho itatuluka, pa akaunti panaonekanso ngongole: 10,000.

Kuti mumvetse, dirham inamangiriridwa ku dola pa 3.6725, ndiye madirham 10,000 ndi madola oposa 2,700. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo zinali ndalama zoposa K4.5 miliyoni. Ndinali ndi ndalama pafupifupi zomwezo pambali, koma zinali ndi ntchito kale. Zinali za malata a nyumba ya mayi anga ku Chiradzulu. Tinali titagwirizana kuti tifolere mvula isanalimbe, ndipo mmisiri anali atayeza kale denga.

Ndinakumana ndi mnzanga uja pa kalesitilanti kena ku Al Nahda. Tinaitanitsa tiyi wa karak, ndipo ndinamuonetsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, mapepala munati ndi anu," anatero motsitsa mawu.

"Ndinatero."

"Ine ndili pamakwerero tsiku lonse. Mukanandiuza kuti simukukwanitsa, tikanafuna munthu."

Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Mu akaunti ya kampani munali ndalama zoti tigulire katundu wa ntchito ina ya pa kiliniki. Tikanazitenga, ntchitoyo ikanaima, ndipo iye alibe malipiro ena kupatula a kampaniyi. Ine ndili ndi ntchito yanga ya masana. Ndinamuuza kuti ndilipira ndekha. Sanakane, sanavomere, anangomwa tiyi wake. Kwa milungu ingapo tinkalankhulana za ntchito zokhazokha.

Kunyumba mayi a ana anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi: "Ndiye amayi muwauza ndinu kapena ndine?" Ndinawaimbira ndekha. Ndinayamba ndi zambiri, za malamulo atsopano, za boma la kuno, za makompyuta. Mayi anandidula.

"Iwe, unalipira mochedwa kapena sunalipire?"

"Sindinalembetse, amayi."

"Anakubisira?"

"Ayi."

"Basi. Malata adikira. Mabeseni alipo."

Mayi anga anagulitsa tomato ndi nyemba mu msika wa Limbe zaka zambiri. Tsiku lililonse ankadula tikiti ya msika, ndipo matikitiwo ankawasunga m'chitini cha mkaka wa ufa. Tili ana tinkawaseka kuti akusunga zinyalala. Iwo ankati wotolera ndalama akabwera kawiri tsiku limodzi, pakamwa sipangakupulumutse, chimakupulumutsa ndi kapepala. Sanapite patali ndi sukulu, koma sanalipirepo chindapusa. Mwana wawo wa diploma, amene amakonza makompyuta a anthu ku Dubai, ndi amene anagwa. Dzinja limenelo nthawi iliyonse mlongo wanga akatumiza uthenga kuti kwagwa mvula yamphamvu, ndinkaona mabeseni aja m'maso mwanga.

Chindapusa ndinalipira mu Januwale 2025. Kenako ndinachita zomwe ndinayenera kuchita kalekale: ndinafuna akauntanti. Tinapeza bambo wina wachikulire wochokera ku Kerala, wa kaofesi kakang'ono ku Deira. Chinthu choyamba anandifunsa mabuku a kampani. Ndinamuonetsa WhatsApp. Malisiti ena anali zithunzi m'foni ya mnzanga, ena anali m'galimoto atafufutika ndi dzuwa, ndipo kangapo konse ndinali nditagula ma router a kampani ndi khadi langa, n'kugulanso matewera a mwana ndi khadi la kampani. Bamboyo anavula magalasi n'kundiuza kuti lamulo limafuna kuti zolemba za kampani zisungidwe zaka 7. Zinatitengera Loweruka lililonse la mwezi wa Febuluwale ndi Malichi kuti tilondoloze ndalama iliyonse ya 2024.

Ndi iyeyo amene anandifotokozera chinthu chomwe kampani yaing'ono ngati yathu ingasankhedi kuno, chotchedwa Small Business Relief. Ngati ndalama zonse zolowa mu kampani sizinapitirire madirham 3 miliyoni m'chaka chimenecho komanso m'zaka za msonkho za m'mbuyo, mukhoza kusankha kuti muonedwe ngati simunapeze phindu loyenera msonkho. Mawu ofunika apa ndi ndalama zolowa, osati phindu. Wogulitsa mafoni ku Naif akhoza kudutsa 3 miliyoni phindu lake lili lochepa, ndipo akadutsa kamodzi mwayiwu watha, sabwereranso. Makampani a mu free zone amene akudya kale mwayi wa 0 peresenti wa kumeneko saloledwa, chimodzimodzinso nthambi za makampani akuluakulu a m'mayiko ambiri.

Chofanana ndi S corporation ya msuweni wanga n'chimodzi: palibe amene angakusankhire. Kukhala wamng'ono sikukwanira. Umayenera kulembetsa kaye, kenako polemba lipoti la msonkho pa EmaraTax pamabwera funso ngati ukufuna Small Business Relief, ndipo umayankha wekha. Chaka chilichonse umasankhanso.

Ndinafunsa kuti nanga phindu lathu likakhala kale pansi pa 375,000, kusankhako kuli ndi ntchito yanji? Akauntanti anati kwa ife phindu lake ndi kuchepa kwa ntchito: lipoti limafupika, ndipo sufunika kuwerengetsera zambiri. Koma anandifunsanso ngati mu 2024 tinaluza. Anati kampani ikaluza n'kusankha mwayiwu, kuluza kwa chaka chimenecho sikungasungidwe kuti kudzachepetse msonkho wa m'tsogolo. Ndiye kampani yomwe yaika ndalama zambiri poyamba ndipo ikuyembekeza kudzapindula kwambiri, nthawi zina ndi bwino osasankha. Ife tinali titapindula pang'ono, ndalama zolowa zinali zosakwana 300,000, ndiye panalibe chotaya. Anatichenjezanso kuti tiziyang'anira VAT, yomwe ndi nkhani ina payokha: malonda akadutsa madirham 375,000 pa miyezi 12, kulembetsa VAT n'kokakamiza. Nambala ndi yofanana ndi ija ya phindu, ndipo ambiri amazisokoneza.

Lipoti la msonkho limayenera kuperekedwa pasanathe miyezi 9 chaka cha kampani chitatha. Chathu choyamba chinatha pa 31 Disembala 2024, ndiye tinali ndi mpaka pa 30 Seputembala 2025. Kuchedwa pamenepa ndi madirham 500 mwezi uliwonse kwa miyezi 12 yoyamba, kenako 1,000 pamwezi. Ndinali nditalumbira kuti ameneyu yekha sandipeza.

Ndiye mu Epulo 2025 kunatuluka chilengezo chomwe poyamba ndinachiyesa bodza la pa WhatsApp. Boma linati amene anachedwa kulembetsa akhululukidwa chindapusa cha 10,000 chija, ngati apereke lipoti lawo loyamba pasanathe miyezi 7 m'malo mwa 9. Amene analipira kale, ndalama zidzabwezedwa. Kwa ife zinatanthauza pa 31 Julaye 2025. Ulendo uno sindinadalire za kumva. Ndinakatsegula tsamba la FTA ndekha, ndinawerenga mpaka pansi, kenako ndinaimbira akauntanti kuti anditsimikizire.

Poti mabuku anali atakonzedwa kale, lipoti tinalipereka mu Juni. Tinakhala atatu mu kaofesi kaja, ine, mnzanga ndi akauntanti. Funso la Small Business Relief litabwera pa sikirini, bamboyo anakankhira mausi kwa ine. Ine ndinaikankhira kwa mnzanga. Iye anaseka koyamba m'miyezi yambiri, n'kudina. Msonkho wolipira: ziro. Patapita nthawi madirham 10,000 aja anabwerera mu akaunti yathu ya EmaraTax, ndipo tinapempha kuti atumizidwe ku banki. Mnzanga anawasamutsira kwa ine tsiku lomwelo ndisanamufunse.

Malata tinagula mu Seputembala. Mtengo unali utakwera moti ndalama zomwe zikanakwana denga lonse chaka chatha zinasiya khonde, ndipo ndinachita kuwonjezera. Chindapusa chinabwezedwa, koma dzinja limodzi la mabeseni palibe anandibwezera, ndipo sindingaloze munthu chala.

Ndalemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a ife kuno tili ndi timalaisensi m'madirowa. Wina anatsegula kampani kuti apeze viza, wina amatumiza makontena a katundu ku Lilongwe ndi ku Lusaka, wina ali ndi saluni ndi mnzake. Ena kampaniyo sinagulitsepo kanthu chitsegulireni, ndipo amaganiza kuti poti ili chigonere sikuwerengedwa. Imawerengedwa. Tulutsani laisensiyo muone ngati ndi LLC kapena ili m'dzina lanu, chifukwa malamulo ake ndi osiyana. Muone ngati muli ndi nambala ya msonkho wa makampani, osati ya VAT yokha. Muone mwezi womwe chaka cha kampani yanu chimatha, muwerenge miyezi 9. Ndipo malangizo a achibale a ku America, ku UK kapena ku Joni muziwalandira ndi ulemu, koma muzikafunsanso kwa munthu wodziwa za kuno. Safunsa anadya phula.

Chinanso choti mudziwe: malinga ndi lamulo mmene linalili mu 2025, Small Business Relief inali ya zaka za msonkho zothera pa 31 Disembala 2026 kapena tsikuli lisanafike. Pambuyo pake, ngati sadzawonjezera nthawi, tonse tidzawerengetsa phindu mokwanira, 0 peresenti mpaka pa 375,000 ndi 9 peresenti pamwamba pake. Amene mabuku ake adakali pa WhatsApp ayambiretu pano.

Ife tinasintha kagawidwe ka ntchito. Mapepala akadali anga, koma Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse mnzanga amabwera kunyumba, mayi a ana amaphika nsima ya ufa wochokera kumudzi ukapezeka, ndipo tikatha kudya timatsegula laputopu n'kuyang'ana limodzi zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Malisiti onse timawajambula tsiku lomwelo n'kuwaika mu foda imodzi. Fodayo ndinaipatsa dzina loti Chitini.